Mwana ali pa mayeso, bambo ake atisiya: timuuze kapena tidikire Lachisanu?

Malume wa ku Joni:
Abale anga pagulu pano, mundikhululukire, lero sindinabwere ndi nthabwala. Alamu anga, amuna a mlongo wanga, atisiya usiku wathawu. Amavutika ndi shuga kwa zaka zingapo, koma sitinkaganiza kuti zifika apa msanga chonchi. Mwana wawo woyamba, mtsikana, ali folomu 4 pa sukulu yogonera komweko, ndipo ali m'kati mwa mayeso a MSCE. Watsala ndi mapepala awiri, Lachitatu ndi Lachisanu. Akuchimuna akuti thupi likhale ku mochale, tiike m'manda Loweruka, mwanayo asamve kanthu mpaka atatuluka m'chipinda cha mayeso. Mlongo wanga sakutha n'kuyankhula komwe, ndiye maso onse ali pa ine poti ndine malume. Mwanayo amaimba Lachiwiri lililonse madzulo pa foni ya amatroni, ndipo akangoti halo funso lake limakhala lakuti adadi ali bwanji. Foni ya mayi ake aizimitsa. Akalephera kumeneko amaimbira ine pa WhatsApp. Mawa ndi Lachiwiri. Ndidzati chiyani?

Adimini:
Pepani kwambiri malume. Gulu lonse tili nanu. Amene mumatumiza timakanema toseketsa, lero mupume kaye.

Nabanda:
Pepani achimwene. Ine ndiyankha mosazungulira: musamuuze. Zaka zinayi za fizi, ndalama zina munatumiza ndinu nomwe, zisathere m'masiku anayi. Malemuwo sadzuka chifukwa choti mwana wamva Lachiwiri. Ku ntchito kwathu ku chipatala ndaonapo mayi akukomoka pakhonde atangomva uthenga wobwera mwadzidzidzi. Akafunsa mungoti ali bwino, akupereka moni, ulembe bwino. Basi.

AMbewe a Mpingo:
Pepani malume, Ambuye akutonthozeni. Koma mayi Nabanda, pamenepo ndiye ayi. Munthu ali mu firiji ya ku mochale, wina n'kumati akupereka moni? Bodza ndi bodza ngakhale mutalipaka mafuta onunkhira. Mwanayo akadzadziwa, mawu amenewo adzawakumbukira moyo wake wonse.

Malume wa ku Joni:
Chimene chikundivuta n'choti zinandichitikirapo ine ndemwe. Mayi atamwalira, amalume anga anandiimbira kuti mayi ako adwalika, nyamuka lero lomwe. Ndinathamangira m'tauni kukagula bulangete lokhuthala lija la akambuku, ndi mabotolo awiri a juwisi, poti mayi ankadandaula kuti m'chipatala mumazizira. Ndinakwera basi, masiku awiri pamsewu, Beitbridge, Nyamapanda, Tete, mpaka Mwanza, bulangete lili pamiyendo kuopa kuti lingade m'tirela. Njira yonse ndimakonza zokawauza. Nditatsika pa siteji yakwathu n'kukhota kanjira kolowera kumudzi, ndinaona masamba pamsewu. Ndinafunsa kamnyamata ka kabaza kuti zovuta zili kwa yani. Sikanayankhe, kanangopalasa mwakachetechete. Bulangete lija tinawafunditsa m'bokosi. Mpaka lero sindidziwa ngati amalume anandichitira chifundo kapena anandibera kanthu kena. Ndinayenda ulendo wonse mtima uli m'malo, n'zoona. Koma kuyambira tsiku limenelo, aliyense wakumudzi akandiuza kuti uje akupezako bwino, ndimaimbira munthu wachiwiri kuti nditsimikize.

Aphunzitsi a Filosofi:
Malume, pepani. Ndakhala ndikuwerenga mwakachetechete. Yankho lokupatsani m'manja ndilibe, koma ndaona kuti mayi Nabanda ndi aMbewe, osadziwa, aima pa mbali ziwiri za mkangano umene anthu a filosofi akhala akukokana nawo kwa zaka mazanamazana. Mwina kuusanthula kungakuthandizeni kuona chimene chikukulasani.

Mayi Nabanda akuyang'ana zotsatira. Kwa iwo chochita chimakhala chabwino kapena choipa malinga ndi zipatso zake. Ganizo limeneli analiyala bwino Jeremy Bentham wa ku England m'buku lake la mu 1789. Iye ankati anthu tonse timalamulidwa ndi mabwana awiri, chisangalalo ndi ululu, ndipo choyenera kuchita ndi chimene chibweretse chisangalalo chochuluka ndi ululu wochepa kwa onse okhudzidwa. Anafika popereka miyeso isanu ndi iwiri yowerengera: ululuwo ndi waukulu bwanji, ukhalitsa bwanji, n'zotsimikizika bwanji kuti ubwera, uli pafupi bwanji, ubala zina zotani, wasakanikirana ndi chiyani, ndipo ugwera anthu angati. Dzina la ganizo limeneli ndi utilitarianism. Wina amene anaupititsa patsogolo ndi John Stuart Mill, mwana wa mnzake wa Bentham, m'buku limene linatuluka mu 1863. Chodabwitsa n'choti Mill anatchula nkhani yofanana ndi yanuyi. Anati kunama kumawononga chinthu chamtengo wapatali, kukhulupirirana kwa anthu, choncho lamulo lonena zoona ndi lolemera kwambiri. Koma anavomera kuti lili ndi potulukira, ndipo chimodzi mwa zitsanzo zake chinali kubisira uthenga woipa munthu amene akudwala mwakayakaya. Ndiye mayi Nabanda muli ndi mboni. Koma taonani nkhani ya bulangete ija. Amalume awo anawerengera masiku awiri a pa basi, sanawerengere zaka zonse zimene malumewa akhala akuimba foni kawiri. Sikelo ya Bentham imafuna uike zonse, zapafupi ndi zakutali zomwe.

Nabanda:
Aphunzitsi, mayina amenewo ine ndangowamva lero, koma Mill ameneyo akanakhala nesi wabwino.

Mtsikana wa Malamulo:
Ine sikelo imeneyo imandiopsa. Philippa Foot, mayi wa filosofi wa ku yunivesite ya Oxford ku England, mu 1967 anapereka chitsanzo ichi. Anthu akwiya, akufuna wolakwa pa mlandu wina, akuti akapanda kupatsidwa apha anthu angapo osalakwa. Wolakwa weniweni sakudziwika. Woweruza angathe kungotola munthu mmodzi wosalakwa, kumunamizira, kumunyonga, chipolowe n'kutha. Mmodzi wafa, ambiri apulumuka. Pa masamu zatheka. Koma ndani pagulu pano angavomere? Ndipo ife sitifunika kupita ku Oxford kuti tizimve, tawaonapo anthu akulozedwa chala pamsika gulu litatentha. Ngati zotsatira ndiye zonse, munthu amasanduka nambala. Chinanso, ndani wanena kuti zotsatira mukuzidziwa? Mwana wa m'kalasi mwake akangoona chithunzi cha malemu pa Facebook ya azakhali ake, chili ndi kandulo pambali, mtsikanayo adzamvera ku bafa Lachitatu m'mawa, kuchokera kwa mnzake, mphindi zochepa asanalowe mayeso. Pamenepo mwapulumutsa chiyani?

Chiphaliwali:
Achemwali mwalasa. Kwathu kuno munthu asanatsekedwe n'maso komwe, msuweni wina amakhala ataika kale pa sitetasi.

Malume wa ku Joni:
Zimenezo ndachenjeza kale achibale onse. Koma pakamwa pa anthu palibe loko.

Aphunzitsi a Filosofi:
Chitsanzo cha woweruzacho Foot anachiika pambali pa china chimene chinatchuka kuposa, cha dalaivala wa sitima ya m'tauni imene mabuleki aduka, kutsogolo njanji zagawikana, uku kuli anthu asanu uku mmodzi. Ambiri amati dalaivala akhotere kwa mmodziyo, koma omwewo amakana za woweruza, chonsecho masamu ndi amodzi. Ndiye kuti m'mitima mwathu muli china choposa kuwerengera.

China chimenecho ndi chimene aMbewe agwira, ndipo katswiri wake ndi Immanuel Kant, Mjeremani wa mumzinda wa Königsberg, umene lero uli m'dziko la Russia ndipo umatchedwa Kaliningrad. Anabadwa mu 1724, anamwalira mu 1804. Kwa iye chochita chimayesedwa ndi udindo, osati zipatso, pakuti zipatso sizili m'manja mwako koma cholinga chili m'manja mwako. M'buku lake la mu 1785 anapereka muyeso umene amautcha categorical imperative, lamulo lopanda "ngati". Amati usanachite kanthu, tenga mfundo imene ukuchitirayo, udzifunse ngati ungafune kuti ikhale lamulo la munthu aliyense. Tiyese: aliyense aziti wodwala ali bwino pomwe wafa, akaona kuti womvayo sangapirire. Likakhala lamulo la onse, mawu akuti "ali bwino" amatha mphamvu, palibe angawakhulupirirenso, ndipo bodza lomwelo silingagwirenso ntchito. Mfundoyo imadzidya yokha. Malume ndinu umboni woyenda wa zimenezi.

Muyeso womwewo anaunenanso mwanjira ina, imene ine imandigwira mtima kwambiri: munthu usamutenge ngati chida chabe chofikira pa cholinga chako, ngakhale cholingacho chikhale chokoma. Ukamunamiza munthu, wamulanda mpata woganiza yekha pa nkhani ya moyo wake. Wamusankhira. Mtsikana wa folomu 4 si khanda. Bambo ndi ake, mayeso ndi ake.

Koma ndisakubisireni pamene Kant anaterereka. Mu 1797 wolemba mabuku wina, Benjamin Constant, anamutsutsa kuti bwanji chigawenga chitafika pakhomo ndi kufunsa ngati mnzako amene chikufuna kupha wabisala m'nyumba mwako. Kant anayankha kuti ngakhale pamenepo kunama n'kosaloledwa. Anati mwina ukanama kuti watuluka, n'kutheka kuti mnzakoyo watulukadi mozemba iwe osadziwa, chigawenga n'kukumana naye panjira, ndipo imfayo idzakhala pamutu pako. Ophunzira anga akafika pamenepa amangoti aaa, aphunzitsi, mkuluyu anali bwinobwino?

Chiphaliwali:
Kant ameneyo asadzabwere kwathu nthawi ya ngongole za banki m'khonde. Amayi a gulu akafika pakhomo kuti mayi ako ali kuti, mwana n'kuti ali kuseri kwa chitseko, akuti ndinene kuti apita kumunda.

Adimini:
Chiphaliwali, tinagwirizana.

Malume wa ku Joni:
Musiyeni adimini, ndaseka koyamba chiyambire m'mawa.

Gogo Nachisale:
Ana anga, ndalemberedwa ndi mdzukulu wanga, maso anga salimba pa foni. Pepa mwanawe wa ku Joni. Ine ndamva za azungu anuwo, koma nkhani ya maliro ili ndi eni ake. Kwathu uthenga wa zovuta suponyedwa ngati mwala. Kale kunalibe mafoni, ankatuma anthu awiri, amafika, amakhala pansi, amalonjeredwa, amamwa madzi, kenaka amayamba patali. Akati uje wadwalika, tiyeni mukamuone, munthu wamkulu amadziwa yekha kuti atenge chitenje chakuda ndi kandalama ka chipepeso. Sikumunamiza kumeneko. N'kumupatsa njira yoti mtima uyende pang'onopang'ono, ukafike pamodzi ndi miyendo. Ndipo chachikulu, samamusiya yekha. Amene wabweretsa uthenga ndi amene amayenda naye. Munthu samva za imfa ya kholo lake ali pakati pa alendo, popanda womugwira akagwa. Kali kokha n'kanyama.

Mtsikana wa Malamulo:
Agogo, mfundo yanu ndi yakuthwa kuposa mmene ikuonekera. Ngati onse awiri, wonena ndi womva, akudziwa kuti "wadwalika" amatanthauza chiyani, ndiye kuti palibe wanamizidwa. Zili ngati kunena kuti watsikira kuli chete, palibe amafunsa kuti watsikira pa masitepe ati. Kant yemwe sangapezepo mlandu. Koma zimagwira pokhapokha womvayo akudziwa chinenerocho. Malume anagula bulangete.

Malume wa ku Joni:
Ndinali ndi zaka 26, ndinali ndisanaferedwepo. Ndinamva monga mmene ananenera.

Gogo Nachisale:
Pamenepo amalume akowo analakwitsa potumiza mawu pa foni kwa mwana amene ali yekha kutali. Mwambo anautenga theka, theka lina anasiya.

Wa Kabaza Wophunzira:
Ine mwina ndisokoneza. Koma si zoona kodi kuti chabwino ndi choipa zimangotengera kumene wabadwira? Azungu amauzana imfa pa foni mosapsatira, ife timazungulira. Iwo zawo, ife zathu. Ndiye malume angotsata za kwathu, nkhani yatha. Filosofi yalowapo pati?

Aphunzitsi a Filosofi:
Simunasokoneze achimwene, funso limenelo ndi lakale kwambiri, ndipo mwamwayi chitsanzo chake chotchuka n'cha maliro. Herodotus, Mgiriki wolemba mbiri zaka zoposa 400 Yesu asanabadwe, anasimba za Dariyo mfumu ya Perisiya. Dariyo anaitana Agiriki, amene ankawotcha mitembo ya makolo awo, n'kuwafunsa kuti angalandire ndalama zingati kuti adye mitemboyo. Anati ngakhale zingati sangayerekeze. Kenaka anaitana mtundu wina wa ku India umene unkadya mitembo ya makolo awo, n'kuufunsa kuti ungalandire zingati kuti uziwotcha. Anakuwa kuti mfumu isatchule zonyansa zotero. Herodotus anamaliza kuti mwambo ndiwo mfumu ya zonse.

Koma taonani bwino. Magulu onse awiri ankafuna chinthu chimodzi, kulemekeza kholo lakufa. Anasiyana njira basi. Chimodzimodzi ife ndi azungu anuwo, tonse tikufuna kuti woferedwa asasweke. Ndipo pali msampha wina. David Hume wa ku Scotland, cha m'ma 1740, anadandaula kuti olemba ambiri amayamba ndi kunena mmene zinthu zilili, kenaka mwakabisira n'kulumphira pa mmene ziyenera kukhalira, osafotokoza kuti awoloka bwanji mtsinjewo. "Kwathu timatero" ndi chiganizo china, "tiyenera kutero" ndi chinanso. Zikanakhala chimodzi, palibe akanadzudzula kulowa kufa kapena kulanda katundu wa mayi wamasiye, poti nazonso zinali za kwathu. Amene anazikana ndi anthu a m'midzi momwemo, mafumu ndi amayi, ataona kuti zikupweteka anthu. Anayesa mwambo ndi muyeso wina woposa mwambowo.

AMbewe a Mpingo:
Muyeso umenewo ndi Mawu a Mulungu, aphunzitsi, musauzungulire.

Aphunzitsi a Filosofi:
Ambiri amayankha choncho, aMbewe, ndipo sindikunyoza. Plato, Mgiriki wakale wa filosofi, anangosiyapo funso limene mpaka lero limasowetsa tulo anthu a zaumulungu: kodi chinthu ndi chabwino chifukwa Mulungu walamula, kapena Mulungu walamula chifukwa ndi chabwino? Koma tisapite kutali. Ndikufunseni za anamwino aja a pa Eksodo 1, amene Farao anawalamula kupha ana aamuna a Aheberi. Sanaphe, ndipo atafunsidwa anati akazi a Chiheberi ndi amphamvu, amabereka mzamba asanafike. Lemba likuti Mulungu anawachitira zabwino. Nanga Rahabi pa Yoswa 2, amene anabisa azondi padenga n'kuuza anthu a mfumu kuti apita kale?

AMbewe a Mpingo:
Mwandigwira pakhosi, koma sindinagwe. Augustine, bishopu wa ku Hippo kumpoto kwa Africa kuno, anayankha kale zimenezo. Anati Mulungu anawadalitsa chifukwa cha chifundo chawo, osati chifukwa cha bodzalo. Iye ankati bodza lililonse ndi tchimo, kungoti ena ndi aakulu ena aang'ono, koma anasiyanitsa kunama ndi kusaulula. Ndipo pamene mumalemba za Dariyo ine ndimatsegula 2 Samueli 18. Abisalomu waphedwa. Yowabu akuuza Ahimaazi kuti lero usanyamule uthenga, poti mwana wa mfumu wafa. Ahimaazi akukakamira, akuthamanga, akufika kwa Davide woyamba. Davide sakufunsa za nkhondo, akufunsa kuti mnyamata Abisalomu ali bwino kodi. Ahimaazi akuti ndinaona chipwirikiti chachikulu koma sindinadziwe kuti n'chiyani. Davide akumuuza kuti apatuke aime pambali. Akubwera Mkusi, ndiye akumasula. Ndawerenga ndimeyi kambirimbiri koma lero ndamumvera chisoni Ahimaazi. Anathamanga mtunda wonsewo, atafika pamaso pa bambo, lilime linakana. Malume, ine sindikuti muimbe lero n'kumuuza mwanayo. Ndikuti pakamwa panu pasatuluke mawu akuti ali bwino.

Nabanda:
Ndiye kusiyana kwake kuli pati abambo? Mukazemba funso, mwana n'kupita kukagona akuganiza kuti bambo ake ali moyo, mwamupusitsabe. Inu mwangosamba m'manja kuti pakamwa panga sipananame. Kumeneko n'kudzisamalira nokha, osati mwanayo. Ife ku wodi timakumana nazo tsiku ndi tsiku. Wachibale amakugwira mkono pakhonde kuti asisitala musawauze kuti ndi khansa. Wodwala amakuyang'ana m'maso kuti ndichira kodi. Buku silikuthandiza pamenepo. Umayang'ana munthuyo, umamva kuti lero angasenze zingati.

Aphunzitsi a Filosofi:
Mayi Nabanda, mwasamuka msasa osadziwa. M'mawa munali kwa Mill, tsopano mwafika kwa Aristotle, amene ndi wakale kuposa Mill ndi Kant, anabadwa mu 384 Yesu asanabadwe, wophunzira wa Plato. Iye sankayamba ndi funso lakuti ndichite chiyani, koma lakuti ndikhale munthu wotani. Ankati khalidwe labwino silibwera ndi kuloweza malamulo, limabwera ndi kuchita, monga mmisiri amaphunzira kumanga pomanga. Umakhala wolimba mtima pochita zolimba mtima, woona pochita zoona, mpaka zikhale chizolowezi. Ndipo ukoma nthawi zambiri umakhala pakati pa zoipa ziwiri, kuperewera ndi kupyola muyeso. Kulimba mtima kuli pakati pa mantha ndi kudziponya pamoto mosaganiza. Pa nkhani yathuyi, mbali ina kuli munthu amene amaponya choonadi ngati mwala, monga anenera agogo, n'kumati ine ndimanena chilungamo. Mbali inayo kuli amene amanama kuti iye mwini apewe kuona misozi. Pakatipo palibe sikelo yokuuza, pamafunika chimene ankachitcha phronesis, nzeru ya pochita, yodziwa kunena chinthu choyenera, kwa munthu woyenera, pa nthawi yake, mwanjira yake. Nzeru imeneyo ankati achinyamata sakhala nayo ngakhale akhoze masamu, poti imabwera ndi zaka. Musamve ngati ankati chilichonse chili ndi pakati. Ananena yekha kuti kuba, chigololo ndi kupha zilibe muyeso wabwino.

Chofooka chake mwachiona kale. Munthu amene foni ikulira m'thumba mwake, ukamuuza kuti chita zimene munthu wanzeru angachite, akhoza kukuponyera foniyo.

Gogo Nachisale:
Ameneyo ndiye ndamumva. Akunena umunthu. Kwathu tikati uje ndi munthu, sitinena kuti ali ndi miyendo iwiri.

Aphunzitsi a Filosofi:
N'zoyandikana kwambiri agogo, ngakhale pali kusiyana. Aristotle amayang'ana kwambiri munthu mmodzi akukula m'khalidwe, umunthu umayang'ana ulusi umene wamanga anthu. John Mbiti wa ku Kenya mu 1969 anaufotokoza kuti ndilipo chifukwa tilipo. Ifeanyi Menkiti wa ku Nigeria anafika ponena kuti umunthu sumabadwa nawo wathunthu, umaupeza pokhala bwino ndi anzako, ndipo ungathe kuulephera. Kwame Gyekye wa ku Ghana anamubweza pang'ono, kuti gulu lisameze munthu, pakuti aliyense ali ndi ulemu ndi maganizo akeake ngakhale gulu lisanamuvomereze. Mkangano wa awiriwa ndi umene uli pabwalo la malume lero. Banja lagwirizana, inde. Koma mtsikanayo ndi wa m'banjamo, ndipo ndi yekhayo amene sanafunsidwe.

Mtsikana wa Malamulo:
Ndi zimene zimandipweteka. Umunthu umatchulidwa kawirikawiri akuluakulu akafuna kuti ana ndi amayi akhale chete. Ine bambo anga atamwalira ndinali ndi zaka 17, anandiuza tsiku lomwelo, ndinalira, ndinatsuka nawo mbale za pamaliro, ndinaona nkhope yawo. Palibe pepala la mayeso limene ndingasinthanitse ndi masiku amenewo.

Nabanda:
Inu munali inu achemwali. Wina akanagwa osadzukanso. Ndipo akalephera mayeso, fizi yobwereza alipira ndani, poti wolipira ndi amene wagona ku mochaleyo?

Malume wa ku Joni:
Ndilipira ine, imeneyo si nkhani. Aphunzitsi, mwatiyendetsa ku Germany, ku Greece, ku Ghana. Inuyo mukanatani?

Aphunzitsi a Filosofi:
Mwandipanikiza, ndiyankha. W. D. Ross, wa ku Oxford nayenso, mu 1930 anati maudindo athu ndi angapo, kunena zoona, kusapweteka ena, kuthandiza, kusunga lonjezo, chilungamo, ndipo palibe umodzi umene umapambana nthawi zonse. Akagundana umayesa kuti pano wolemera ndi uti, koma wogonjawo sufafanizika, umakusiyira ngongole. Ine ndimaima pamenepo. Ndikanakhala inu sindikananena kuti ali bwino, kapena kupeka moni wochokera kwa malemu. Sindikanamuuzanso pa foni ali pakhonde la amatroni anzake ali pamzere kudikira foni yomweyo. Ndikanatumiza azakhali ake kapena mayi wina amene amamukhulupirira akakhale pafupi ndi sukuluyo kuyambira mawa, ahedi ndi amatroni adziwe, kuti zikaphulika asakhale yekha. Ndipo akadzafunsa kachiwiri mondiyang'ana, sindikanakana. Mukadikira mpaka Lachisanu, mudzamupepese, musadzamuuze kuti tinachitira iwe ngati kuti nkhani yathera pomwepo. Koma mwanayo mukumudziwa ndinu, ine sindinamuonepo.

Malume wa ku Joni:
Zikomo nonse. Tikiti ndagula, basi inyamuka mawa m'mawa. Mayi ake aang'ono anyamuka kale, akagona kwa mnzawo pafupi ndi sukulu. Ahedi tawauza.

Adimini:
Muyende bwino malume. Za chipepeso ndalemba pa uthenga wapadera, amene mukufuna kuponyapo mundipeze kumbali.

Malume wa ku Joni:
Abale, ndalemba mochedwa, netiweki imavuta. Anaimba tili pamzere wa pa Beitbridge, dzuwa litangolowa. Ndinatuluka pamzere n'kukaima kuseri kwa basi. Anati malume, foni ya amami sikulowa, adadi ali bwanji. Ndinati mwanawe, ndili m'njira, ndikubwera kumudzi, Lachisanu ndidzakutenga ndekha pageti. Anakhala chete nthawi yaitali, ndimangomva anzake akuseka chapatali ndi mabeseni akugundana. Kenaka anati malume, inu mumabwera pa Khirisimasi pokha. Ndinati eya. Ndinati uli ndi funso lina, ndiyankha chilichonse ungafunse, ndipo mayi ako aang'ono ali pafupi pomwepo ukawafuna usiku uno. Anati ayi, musanene kanthu, ndidzafunsa Lachisanu. Kenaka anati mundigulire chitenje, ndilibe choyenera.

Nabanda:
Mayo ine.

AMbewe a Mpingo:
Tikumupempherera mwanayo mawa m'mawa pa nthawi ya pepala.

Wa Kabaza Wophunzira:
Ndiye pamenepa wauzidwa kapena sanauzidwe?

Mtsikana wa Malamulo:
Achimwene, funso limenelo lidikire.

Malume wa ku Joni:
Amatroni anditumizira uthenga kuti anapempha kukagona kwa mayi ake aang'ono, ahedi alola, abwera naye m'mawa pa nthawi ya mayeso. Akuti sanafunse kanthu, anangowagwira dzanja. Tadutsa Harare, batire latsala pang'ono. Amene muli ku Blantyre, kodi ku Limbe mashopu a zitenje amatseka nthawi yanji Lachinayi? Sindikudziwa kuti pa Mwanza atisunga maola angati.